Zovuta za tsiku ndi tsiku za mapulogalamu a kompyuta m'maofesi a boma: chitsanzo cha Chiradzulu

Ntchito zambiri za m'makhonsolo ndi m'zipatala tsopano zimadutsa pa kompyuta: malipiro, kaundula wa odwala, mndandanda wa olandira thandizo ndi malipoti a pamwezi opita ku Lilongwe. Pulogalamu ikakana dzina la munthu kapena ikasokoneza tsiku, ambiri amangoti kompyuta yavuta. Komatu kawirikawiri makinawo amakhala alibe mlandu. Vuto limakhala m'kalembedwe ka pulogalamu, pomwe wolemba sanaganizire mayina, ndalama, kalendala ndi magetsi a kuno kwathu. Wovutika pamapeto pake ndi munthu wamba yemwe dzina lake lasowa pa mndandanda.

Mitundu iwiri ya mapulogalamu

Pali mapulogalamu oikidwa m'kompyuta ya mu ofesi momwemo, ndipo pali ena okhala pa seva yakutali, omwe amatsegulidwa kudzera pa intaneti. Boma la Chiradzulu, lomwe pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu 356,875, laona mitundu yonse iwiri, makamaka pa zaumoyo.

Bungwe la Médecins Sans Frontières litayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo m'bomali mu 2001, mbiri ya odwala inkasungidwa m'pulogalamu ya FUCHIA, yolembedwa ndi bungwe la Epicentre. Malipoti a unduna wa zaumoyo nawo anayamba kulowetsedwa m'pulogalamu ya DHIS mu 2002. Pulogalamuyi inamangidwa pa Microsoft Access, ndipo boma lililonse linkasunga nkhokwe yakeyake. Kuyambira mu 2012 dziko lino linasamukira ku DHIS2, ya pa intaneti, yomwe kalembedwe kake kamatsogozedwa ndi sukulu ya ukachenjede ya Oslo ku Norway.

Mtundu uliwonse uli ndi matenda ake. Pulogalamu ya mu ofesi imagwira ntchito ngakhale netiweki palibe, koma kompyuta ikafa zonse zimapita nayo, ndipo maofesi awiri angathe kusunga ziwerengero zosiyana za chinthu chimodzi. Ya pa intaneti imasunga zonse pamodzi, koma netiweki ikaduka ntchito imaima.

Mayina a anthu ndi a malo

Vuto lofala kwambiri ndi la nkhodolero, kachizindikiro kopezeka m'mayina monga Ng'oma, Ng'ambi ndi M'bwana. M'chilankhulo cha SQL, chomwe mapulogalamu amalankhulira ndi nkhokwe zawo, kachizindikiro komweka kamasonyeza poyambira ndi pothera mawu. Wolemba akangolumikiza dzina ku lamulo lopita kunkhokwe, makina amawerenga "Ng" ngati dzina lonse, n'kukana zotsalazo. Mlembi wotopa amangochotsa nkhodoleroyo, ndipo dzina la pa mndandanda limasiyana ndi la pa chiphaso cha unzika. Choopsa koposa n'chakuti mpata womwewu ndi umene akuba amalowetsera malamulo awoawo m'nkhokwe. Mankhwala ake ndi odziwika: lamulo lizitumizidwa palokha, dzina palokha, kuti nkhokwe isasokoneze ziwirizi.

Lembo la ŵ nalo limavuta. Silipezeka m'ndandanda yakale ya ASCII, ya zizindikiro 128, ngakhale m'ndandanda ya Windows-1252 yomwe makompyuta ambiri akale ankagwiritsa ntchito. N'chifukwa chake dzina la Malaŵi limatuluka ngati Mala?i kapena MalaÅµi. Izi zimatha pokhapokha tsamba, pulogalamu ndi nkhokwe zonse zitatsata ndondomeko imodzi ya UTF-8. Kukonza mbali imodzi yokha n'kungosamutsa vutolo.

Chinanso ndi kalembedwe kosiyana ka dzina limodzi. Dera la mfumu yaikulu Ntchema ena amalilemba Nchema. Mudzi womwe unakokoloka ndi matope pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 umapezeka m'malipoti ngati Ntauchira komanso Mtauchira. Malembo a l ndi r amasinthana m'mayina ambiri. Kwa munthu dzinalo ndi limodzi, koma kwa kompyuta ndi awiri, kotero banja lingathe kuwerengedwa kawiri kapena kusiyidwa. Pulogalamu yabwino imapatsa mudzi, sukulu ndi chipatala chilichonse nambala yosasintha, ndipo mlembi amasankha dzina pa mndandanda m'malo molilemba yekha. Kwa anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo, nambala ya chiphaso cha unzika, chomwe kalembera wake wamkulu anachitika mu 2017, ndiyo yodalirika kuposa dzina.

Masiku ndi chaka cha ndalama

Kuno tsiku lolembedwa 03/04/2024 ndi 3 Epulo, koma kompyuta yotcheredwa motsata kalembedwe ka ku America imaliwerenga ngati 4 Malichi. Cholakwikachi chimabisala, popeza chimakhudza masiku 12 oyamba okha a mwezi. Njira yotetezeka ndi kusunga masiku motsata muyezo wa ISO 8601, woyamba ndi chaka, kenaka mwezi ndi tsiku: 2024-04-03.

Nthawi ya dziko lino ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya UTC, yomwe maseva ambiri amatsata. Chotero mwana wobadwa 1 koloko usiku pa 1 Epulo angathe kulembedwa kuti anabadwa pa 31 Malichi, n'kulowa m'lipoti la mwezi wolakwika.

Okalamba ambiri amadziwa chaka chobadwa chokha. Pulogalamu youmiriza tsiku lenileni imachititsa alembi kupeka, mpaka mudzi wonse kuoneka wobadwa pa 1 Januwale. Pulogalamu ya zaumoyo ya OpenMRS ili ndi malo osonyezera kuti tsikulo ndi longoyerekeza, ndipo ndi chitsanzo choyenera kutsatira.

Kale chaka cha ndalama za boma chinkayamba pa 1 Julayi. Kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo, ndipo cha 2021/2022 chinali cha miyezi 9 yokha. Pulogalamu yomwe mwezi woyambira chaka unakhomeredwa m'kati mwake imafuna katswiri kuti aisinthe. Phunziro lake n'lakuti chilichonse chimene nyumba ya malamulo ingathe kusintha, monga msonkho, alawansi kapena malire a madera, chiziikidwa pamalo pomwe ofesala wovomerezeka angasinthe yekha.

Manambala ndi ndalama

Mu 2009 manambala a foni za m'manja anatalikitsidwa kuchoka pa manambala 8 kufika pa 10. Bokosi lopimidwa pa muyezo wakale limadula manambala omaliza. Pulogalamu ya Excel nayo imachotsa ziro woyamba wa nambala ya foni, komanso imasunga molondola manambala 15 okha. Nambala ya foni, ya akaunti kapena ya vocha si yowerengetsera masamu, choncho iyenera kusungidwa ngati mawu.

Pa ndalama pali misampha iwiri. Woyamba, m'zilankhulo zambiri za kompyuta 0.1 kuphatikiza 0.2 amapereka 0.30000000000000004, ndipo timatambala totere tikachuluka mabuku sagwirizana. Wachiwiri, bokosi wamba la nambala limathera pa 2,147,483,647. Ndalama zikasungidwa m'matambala, malirewa ndi K21,474,836.47 basi, zomwe ntchito yomanga imodzi yokha imapitirira, makamaka kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wolemba ayenera kusankha mtundu wa nambala wopangidwira ndalama komanso wa malire otambasuka.

Malire oterewa apunthwitsapo ngakhale mayiko olemera. Mu Okotobala 2020 ku England anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi Covid-19 anasowa m'malipoti chifukwa chogwiritsa ntchito mtundu wakale wa faelo ya Excel, yomwe imathera pa mizere 65,536.

Magetsi ndi netiweki

Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akathima pulogalamu ili pakati posunga, ndalama zingathe kuchotsedwa ku thumba lina osafika ku linzake. Nkhokwe zamakono zili ndi njira yomanga masitepe onse mtolo umodzi, kuti achitike onse kapena pasachitike chilichonse.

Netiweki ikamachedwa, monga zimachitikira kutali ndi likulu la boma, mlembi amadina batani kawiri kapena katatu ndipo lisiti limodzi limalowa kangapo. Fomu iliyonse ikapatsidwa nambala yake isanatumizidwe, seva imazindikira yobwereza n'kuikana. Kwa ogwira ntchito ku Namitambo, Nkalo kapena Milepa, pulogalamu yoyenera ndi yosunga zolembedwa m'foni kapena m'kompyuta, n'kuzitumiza netiweki ikabwera.

Bungwe la Baobab Health, lomwe linayamba kuika makompyuta odina pagalasi pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2001, linasonyeza kuti izi n'zotheka: linasankha makina osadya magetsi ambiri, oyendera mabatire, ndipo odwala ankadziwika ndi nambala yomatidwa pa kabuku ka kuchipatala.

Zosungidwa zonse ziyenera kukopedwa ndi kuikidwa m'nyumba ina. Kope lomwe silinayesedwepo kubwezeretsa silingadaliridwe.

Kalondolondo ndi chinsinsi

Kubedwa kwa ndalama za boma komwe kunaululika mu 2013 kunadutsa m'makina a IFMIS, ndipo ofufuza anapeza kuti zolembedwa za malipiro ena zinkafafanizidwa. Pulogalamu yogwira ndalama isamalole kufafaniza. Cholakwika chizikonzedwa ndi cholembedwa chatsopano chosonyeza wokonza, tsiku ndi chifukwa. Izi zilibe phindu ngati ofesi yonse ikulowera pa mawu achinsinsi a munthu mmodzi. Lamulo la 2016 la malonda ndi chitetezo cha pa makompyuta komanso lamulo la 2024 loteteza mbiri ya anthu amapereka udindo kwa osunga zinthu zoterezi.

Udindo wa wogwira ntchito

Katswiri sangakonze vuto lomwe sangathe kulibwereza pa makina ake. Choncho wopereka lipoti alembe zomwe anachita mwatsatanetsatane, zomwe amayembekezera, zomwe zinachitika, uthenga weniweni womwe unaoneka pagalasi, tsiku ndi nthawi. Chithunzi cha galasi chimathandiza, koma mayina a odwala kapena a olandira thandizo abisidwe.

Pogula kapena polandira pulogalamu yatsopano, komiti iyese yokha isanasainire. Ilowetse dzina lokhala ndi nkhodolero ndi lokhala ndi ŵ, tsiku la 29 Febuluwale, munthu wodziwa chaka chobadwa chokha ndi ndalama zoposa K3 biliyoni. Idine batani kawiri, ndipo izimitse makina pakati pa ntchito. Mgwirizano unene poyera mwini malamulo a pulogalamuyo, woikonza polojekiti ikatha, ndi njira yotulutsira zosungidwa ngati ofesi itafuna kusintha. Mayesero onsewa amatha m'mawa umodzi, pomwe kukonza mndandanda wolakwika wa mabanja zikwi zambiri kumafuna kubwereranso mudzi ndi mudzi.