Matanga a Jumbe ndi Manyazi Athu

Kwathu ku Mchinji kulibe nyanja, koma mtsinje wa Bua umayambira kuno n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. N'chifukwa chake nkhani ya zombo za matanga za kumeneko sindiyiona ngati ya eni nyanja okha.

Cha m'ma 1840, Salim bin Abdullah, Mswahili wa malonda amene ankadziwika kuti Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota. Anthu ake ankakhoma zombo za matabwa zoyenda ndi mphepo, zofanana ndi za ku Zanzibar. David Livingstone atafikako mu 1863 anapeza chimodzi chikukhomedwa. Katundu wa zombozi anali minyanga ya njovu ndi anthu, ambiri ochokera kumadzulo kuno, ku Kasungu mpaka chigwa cha Luangwa. Akawaolotsera tsidya la kum'mawa, ulendo wa pansi wopita ku Kilwa unkayamba.

Mbiri imeneyi ndi yowawa, ndipo ndikuganiza kuti ndiyo imatichititsa kuyang'ana kumbali. Timakumbukira sitima za azungu: Ilala yoyamba ya 1875, Chauncy Maples imene inayamba kuyenda mu 1901, ngakhale mfuti ya Guendolen yomwe ili ku Mangochi. Mtengo umene amati Livingstone anakumanirana ndi Jumbe nawonso ukusamalidwa. Koma luso la kupinda thabwa, kumata mipata kuti madzi asalowe, kuimika mlongoti ndi kusoka tanga, ndani akulilemba?

Lusolo silinathe ndi ukapolo. Ulamuliro wa a Jumbe unatha m'ma 1890 Angerezi atalanda dziko, koma zombo za matanga zinapitiriza kuyenda, ndipo pakati pa Likoma ndi Cobué ku Mozambique zikunyamulabe anthu, chimanga ndi nkhuni. Woyendetsa wake amaudziwa mwera, mphepo ya kumwera imene imakalipa miyezi yozizira, amadziwanso nthawi yotsitsa tanga mafunde asanakule. Zimenezi saphunzira m'kalasi; mwana amaziona kwa atate kapena amalume ake, chingwe chili m'manja.

Injini ya petulo ikulowa m'malo mwa tanga, ndipo sindingamudzudzule msodzi wofuna kufika msanga. Chondidandaulitsa ndi ife ophunzira mbiri. Mu 2011 boma linapereka njira za akapolo ku UNESCO kuti ziganiziridwe ngati chuma cha dziko lonse. Malo alembedwa. Akuluakulu odziwa kukhoma chombo akukalamba pa Likoma, ndipo ife tikulembabe za Livingstone.