Chigoba, Chikopa ndi Nsanda: Zotsala za Maliro M'dziko la Kachindamoto

Aliyense amene anayendapo mu msewu wa kunyanja kuchokera ku Golomoti kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka amadziwa kuti manda a m'dera lino sabisika. Pamene khasu lamaliza tchire lonse ndipo nkhwangwa yamaliza mitengo, pakatsala kankhalango kowirira pakati pa minda, ngakhale mwana amadziwa kuti pamenepo pagona anthu. Timitengo timeneti takhala tikusunga mbiri ya dziko lino kuyambira kale sukulu ndi mabuku zisanafike. Koma mitundu imene inakumana m'chigwa chino siinasiye zizindikiro zofanana pa akufa ake, ndipo mwa onsewo ife Asilamu ndife tinasiya zochepa koposa.

Tiyambe ndi zimene nthaka yokha inasunga. Pafupi ndi Mtakataka pali malo otchedwa Mankhamba, amene anali likulu la mafumu a Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamenepo napeza mikanda ya galasi, zibenthu za mbale zochokera ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, ndipo anazilongosola m'buku lake la mu 2020. Pamenepo panali pamudzi, sipanali pamanda ayi. Manda enieni akale anafukulidwa chakum'mawa kwathu, ku Nkhudzi Bay m'boma la Mangochi, ndipo lipoti la Ray Inskeep la mu 1965 likusonyeza kuti anthu a kumeneko ankaikidwa pamodzi ndi miphika ndi mikanda yawo. Wofukula akapeza mkanda pafupi ndi fupa amatha kunena kuti munthuyo anakhala nthawi iti ndiponso kuti ankachita malonda ndi yani. Akufa amenewo akulankhulabe ndi akatswiri chifukwa anapita m'manda ndi katundu.

Achewa, eni nthaka ino, anaika luso lawo lalikulu pa maliro. Gule Wamkulu amene lero amavinidwa pa misonkhano ndi pamaso pa alendo, kwawo kwenikweni ndi pa imfa, pa kumeta, pa mpalo wokumbukira womwalira, ndi pa chinamwali. Zigoba zake zimasemedwa pa mtengo, n'kupakidwa utoto, n'kuvekedwa nthenga ndi nsanza, ndipo zimasungidwa ku dambwe, kufupi ndi manda. Pali Chadzunda, pali Maliya, pali Simoni wa nkhope yofiira. Koma choposa zonse pa nkhani yathu ndi Kasiyamaliro, chilombo chooneka ngati mphalapala, cholukidwa ndi nsungwi ndi makoko a chimanga, chimene dzina lake lomwe likunena ntchito yake yoperekeza wakufa. Amuna amatha masiku akuchiluka mobisa, chimavina nthawi yochepa, ndipo mwambo ukatha zilombo zolukazi zimatenthedwa. Sizinapangidwe kuti zikhalitse. Kuti lero munthu angathe kuona zigoba zoposa 400 pamalo amodzi n'chifukwa cha mlendo, wansembe wa Chikatolika wochokera ku Canada, Claude Boucher, amene Achewa anamupatsa mfunda wa Chisale. Iye anayambitsa Kungoni mu 1976 pa mishoni ya Mua, imene inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo nyumba ya Chamare pamenepo ili ndi gawo la Achewa, la Angoni ndi la Ayao. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi.

Chikhulupiriro chimene chili kuseri kwa zigobazi si chathu. Ife sitikhulupirira kuti mzimu wa wakufa umabwerera kudzavina pabwalo, kapena kuti umasowa woperekeza wina kupatula ntchito zake ndi chifundo cha Allah. Komatu munthu wanzeru akhoza kukana chikhulupiriro cha mnansi wake n'kuvomerabe kuti mnansiyo wasunga mbiri yake mosamala kuposa iye.

Angoni anafika mochedwa. Kachindamoto, mwana wa Chifisi, anatsikira kuno kuchokera ku mapiri m'zaka za m'ma 1890 atalimbana ndi Gomani pa za ufumu wa Angoni a Maseko. Anthu awa chuma chawo chinali ng'ombe, ndipo ng'ombe inawatsata mpaka kumanda: munthu wamkulu ankakulungidwa m'chikopa cha ng'ombe, n'kuikidwa chokhala m'mphepete mwa khola. Chikopa chimaola, khola limasamuka, koma Angoni anasunga mayina a mafumu awo m'zithokozo ndi m'ngoma. N'chifukwa chake Gomani, amene anaphedwa ndi Azungu mu 1896, akumbukiridwabe ku Ntcheu kufikira lero.

Tsono tifike pa ife. Chisilamu chinafika m'mbali mwa nyanja ino kudzera mwa Ajumbe a ku Nkhotakota, kuyambira ndi Salim bin Abdallah cha m'ma 1840, ndiponso kudzera mwa mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda. Chinabwera ndi maliro a mtundu wina, amene katundu wake yense angathe kuwerengedwa pa zala za dzanja limodzi: madzi osambitsira, nsanda yoyera, jeneza, ndi timitengo kapena matabwa otsekera kachipinda ka m'mbali mwa dzenje, momwe wakufayo amagonekedwa chakumanja atayang'ana ku chibula. Jeneza imabwerera ku mzikiti kukadikira wina. Nsanda ilibe thumba, ilibe dzina, ndipo ya mfumu ndi ya msodzi ndi imodzi. Mayi Aisha (R.A.) anatiuza kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) mwini wake anakulungidwa mu nsalu zitatu zoyera za thonje zochokera ku Yemen. Pa nkhondo ya Uhud mu 625, Mus'ab ibn Umayr (R.A.), amene anakulira m'chuma ku Makka, anasiya kansalu kamodzi kosakwana thupi lake, kotero kuti anamuphimba kumutu ndipo kumapazi anaikako udzu. Mtumiki (S.A.W.) analetsa kumanga pamwamba pa manda, kuwapaka laimu ndi kukhalapo, ndipo anatuma Ali (R.A.) kuti asalaze manda otukuka. Wofukula zakale akadzakumba manda a Msilamu patapita zaka 300 adzapeza mafupa oyang'ana mbali imodzi, basi.

Chinthu chimodzi chooneka ndi maso chimene makolo athu anawonjezera pa maliro ndi mbendera. Twaliki ya Qadiriyya itafalikira m'dziko muno kudzera mwa aphunzitsi monga Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene ambiri amamudziwa kuti Shehe Sabiti, ndi mayi Mtumwa binti Ali wa ku Nkhotakota, amene anaitenga ku Zanzibar, maliro ankaperekezedwa ndi mbendera ndi sikiri. Ena anaimirira n'kunena kuti jeneza iyenera kuyenda mwa chete, ndipo anatchedwa a Sukuti, kuchokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kukhala chete. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 mkanganowu unagawa mizikiti ndi mabanja, ndipo unafika mpaka pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Nkhani ya sadaka ya tsiku lachitatu ndi ya arubaini inalowanso momwemo. Sindikufuna kudzutsa mlandu umene agogo athu anatopa nawo. Ndikungonena kuti mbendera yakale ya twaliki, ngati ilipo ina yopindidwa m'sutikesi ya mwalimu wina, ndi umboni wa mbiri, kaya mwini sutikesiyo ali mbali iti, ndipo njenjete sizifunsa za twaliki.

Kuchepa kwa katundu wa maliro athu ndi chinthu chimene timachinyadira, ndipo n'koyenera. Ngakhale mafumu a Saudi Arabia, Fahd mu 2005 ndi Abdullah mu 2015, anaikidwa ku Riyadh m'manda opanda chipilala. Koma kuchepako kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo tikulipira ndife a m'midzi ya kunyanja. Mulu wa dothi la mchenga sukhalitsa. Dzinja lingapo likadutsa umaphwa, mbuzi ziupondaponda, mitsinje yochokera ku mapiri a Dedza ikasefukira imasintha maonekedwe a malo, ndipo nyanja yomwe inakwera kwambiri mu 1980 ndi mu 2024. Pa chifukwa chimenechi adzukulu nthawi zina amakumba n'kukumana ndi mafupa a munthu amene palibe akumudziwa. Palinso china chimene sitichilabadira. M'mabanja mwathu osunga mayina a mbumba ndi amayi achikulire, amene amadziwa yemwe anabala yani mpaka mibadwo isanu, koma mwa chizolowezi chathu amayi safika kumanda. Amene amafika kumanda ndi amuna, ndipo amuna ndiwo amasamuka: wina kukakwatira mudzi wina, wina ku usodzi, wina ku Joni. Wodziwa dzina sadziwa malo, wodziwa malo wachoka.

Apa ndi pamene chiliza cha simenti chimapezera khomo. Mwana akabwera kuchokera ku Johannesburg ndi ndalama, n'kuona kuti anzake a mipingo ina akuvundukula ziliza zonyezimira, mtima umamuwawa poona kuti pamene pagona bambo ake sipakuoneka. Chisoni chake ndi choona, ndipo kumukalipira kokha sikuthandiza. Chofunika ndi kumusonyeza malire amene Mtumiki (S.A.W.) anaika ndi manja ake. Uthman ibn Maz'un (R.A.) atamwalira ku Madina n'kuikidwa ku manda a Baqi, Mtumiki (S.A.W.) ananyamula mwala waukulu nauika kumutu kwa mandawo, kuti adzazindikire pamene pagona m'bale wakeyo ndi kudzaika pafupi ena a m'banja lake. Chizindikiro tsono ndi chololedwa. Choletsedwa ndi kumanga ndi kudzitukumula. Mwa maganizo anga, mwala wa m'phiri, umene kuno sitiugula n'komwe, umakwaniritsa zonse zimene mtima wa mwana uja ukufuna, ndipo ndalama za simenti zikanakumba chitsime kapena kufolera madrasa, zomwe ndi sadaka yopitirira imene imamufika womwalirayo.

Mwala wokha sunena dzina, ndipo pa za kulemba dzina pamwalapo maulama anasiyana maganizo. Koma palibe amene analetsa kulemba m'buku. Amishoni a pa Mua ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo olemba mbiri ya dera lino amadalira zolemba zawozo; n'chifukwa chake mbiri ya chigwa chino imamveka kwambiri ndi mawu a ena. Ife tinali ndi anthu odziwa kulemba m'zilembo za Chiarabu sukulu za boma zisanafike, ophunzira a mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda, koma inki yawo inathera pa matabwa a madrasa, amene amafufutidwa phunziro likatha. Mzikiti uliwonse ungathe kukhala ndi kaundula mmodzi wa chikuto cholimba, wosungidwa pamodzi ndi jeneza: dzina la womwalira, dzina la bambo ndi la mayi ake, mudzi, tsiku pa kalendala zonse ziwiri, ndi amene wagona naye moyandikana kumanja ndi kumanzere. Masamba oyambirira asiyidwe a akale, amene anamanga mzikiti woyamba wa udzu ndi kuphunzitsa alifu ndi bee pansi pa mtengo wa mango. Mayina amenewo akafunsidwe kwa agogo aakazi pakhonde, kenako akulu aamuna atsogolere mlembi kumanda kukaloza malo ake.