Acicepere ndi Makina Atsopano: Phunziro la Edison ndi Gates

Funso lakuti kaya mnyamata kapena mtsikana wa zaka 16 angagwire nchito ya makina, kapena kuyendetsa bizinesi, si la lero. Makolo amati mwana ndi mwana, ayambe watsiriza sukulu. Acinyamata nao amayankha kuti tsobola wakale sawawa. Tisanasankhe mbali, tiyeni tione zimene zinacitika ku North America pamene makina awiri atsopano anafika, telegirafu ndi kompyuta.

Mu 1844 Samuel Morse anatumiza uthenga pa waya kucokera ku Washington kupita ku Baltimore. Uthenga wa telegirafu unali kuyenda mwa kugogoda: cilembo ciliconse cinali ndi kagogodedwe kake, ndipo wolandira anali kumvetsera ndi kulemba. Makampani a njanji anadalira makinawa pouza sitima poima ndi popatukana. Popeza lusoli linali lacilendo, akulu olidziwa anali ocepa, ndipo nchito zambiri zinagwera anyamata a makutu akuthwa.

Mmodzi wa iwo anali Thomas Edison, wobadwa mu 1847. Ali ndi zaka 12 anali kugulitsa nyuzipepala m'sitima ya pakati pa Port Huron ndi Detroit. Mu 1862 anapulumutsa kamwana kamene kanali pafupi kupondedwa pa njanji ku Mount Clemens, ndipo atate ake a kamwanako anamuthokoza mwa kumuphunzitsa telegirafu. Caka cotsatira analembedwa nchito ya usiku pa siteshoni ya Stratford Junction ku Canada.

Luso anali nalo ndithu. Lamulo linali lakuti wa usiku azitumiza cizindikiro nthawi ndi nthawi, kuti akulu a nchito adziwe kuti ali maso. Edison analumikiza koloko ndi telegirafu kuti cizindikiroco cizipita cokha iye atagona. Koma monga anasimbira mwini wake, usiku wina analamulidwa kuimitsa sitima ya katundu, nayankha kuti aimitsa, koma sitimayo inadutsa asanapeze wopereka cizindikiro. Kutsogolo kunali kubwera sitima ina pa njanji yomweyo. Mwamwai oyendetsa anaonana patali naimitsa. Ataitanidwa ku Toronto kukayankha mlandu, Edison anazemba nabwerera kwao ku Michigan. Nzeru zopangira kacipangizo anali nazo, koma udindo wa miyoyo ya anthu unamukulira.

Patapita zaka zoposa 100, nkhani yofanana inacitika ndi kompyuta. Mu 1968 gulu la amai a ana a pa Lakeside School ku Seattle linagulitsa katundu wakale, ndipo ndalamazo zinathandiza kuti ana a sukulu azigwiritsa nchito kompyuta yaikulu kupyolera pa waya wa foni. Bill Gates, wobadwa mu 1955, ndi mnzake Paul Allen anakhazikika pamenepo. Kampani ya Computer Center Corporation inawaletsa kwa kanthawi itawagwira akuba nthawi ya pa kompyuta, koma pambuyo pake inawalola kuigwiritsa nchito mwaulere malinga aziifufuzira zolakwa za m'mapulogalamu. Mu 1973, Gates ali ndi zaka 17, kampani ya TRW inamutenga kukathandiza kulemba mapulogalamu oyendetsera magetsi a Bonneville Power Administration. Kumeneko katswiri wacikulire, John Norton, anali kuwerenga nchito yake ndi kumubwezera yodzala ndi zowongolera. Gates wakhala akunena kuti munthu ameneyu anamuphunzitsa zambiri.

Nanga bizinesi? Mu 1972 anyamata awiriwa anayamba Traf-O-Data. Masiku amenewo makhonsolo anali kuyala mapaipi a mphira pa mseu kuti awerenge magalimoto odutsa, ndipo ciwerengeroco cinali kulembedwa pa tepi ya pepala. Iwo anagula kacipangizo ka Intel 8008 pa madola 360 kuti apange makina owerenga matepiwo. Makinawo anadzagwira nchito, koma ogula anasowa, maka-maka boma la Washington litayamba kucitira mizinda nchitoyo kwaulere. Iwo anadziwa makina, koma sanafufuze bwino za msika. Komabe zimene anaphunzira zinawathandiza poyambitsa Microsoft mu 1975, Gates ali ndi zaka 19.

Tsono mbiri itiuza ciani? Coyamba, pa luso lenileni la makina msinkhu si cochinga. Makina akakhala atsopano, wamkulu ndi wamng'ono amayambira pamodzi, ndipo kawiri-kawiri wamng'ono, pokhala ndi nthawi ndi cidwi, amatsogola. Wolemba anthu nchito amene akana wacicepere asanaone nchito ya manja ake angataye munthu wofunika.

Caciwiri, luso ndi mbali imodzi cabe. Kusunga lonjezo, kuima poyankha mlandu, kudziwa amene adzagula ndi mtengo umene angalipire, zonsezi sizipezeka m'makina. Zimabwera ndi nthawi, ndiponso pogwira nchito pafupi ndi odziwa. Edison anaphunzitsidwa ndi mkulu wa pa siteshoni. Gates anatsegulidwa njira ndi amai a pa sukulu, nawongoleredwa ndi Norton. Palibe mwa iwo anasenza denga yekha.

Motero, acinyamata anzanga, ngati muli ndi luso la kompyuta kapena lokonza mafoni, musadzicepetse cifukwa ca zaka zanu. Yambani ndi nchito yaing'ono imene kulakwa kwake sikungavulaze munthu. Pezani wamkulu wodziwa amene adzakuuzani zoona pa nchito yanu, ngakhale zowawa. Musanagule cipangizo, funsani kuti adzakulipirani ndani. Ndipo inu makolo, mwana akakuonetsani cimene wapanga, yambani mwaciyang'ana bwino musanafunse zaka zake.