Exadata

Exadata ndi makina a kampani ya Oracle osungira deta yochuluka ndi kuyankha msanga mafunso okhudza detayo. Larry Ellison, mkulu wa Oracle panthawiyo, adawaonetsa koyamba ku San Francisco mu Seputembala 2008, atapangidwa mogwirizana ndi kampani ya HP. Chaka chotsatira mtundu wachiwiri udatuluka pa zipangizo za Sun Microsystems.

Vuto lomwe makinawa adadzathetsa linali la mtengatenga. Banki ikafuna kudziwa ndalama zomwe zidalowa mu Juni mokha, makina akale ankasenza tebulo lonse la zaka zambiri kuchoka pa madisiki kupita ku seva, n'kukasankha kumeneko. Njira inkadzaza, wofunsa n'kumangodikira.

Exadata amapetera pankhokwe pomwepo. Luso lotchedwa Smart Scan limatumiza funso ku maseva osungira deta, omwe ali ndi mapulosesa awoawo. Iwowo amataya mizere yosafunika ngati mankhusu, n'kutumiza zofunsidwa zokha. Palinso kanzeru kena, kosavuta koma kogometsa: pa chigawo chilichonse cha megabaiti imodzi, makinawa amakumbukira nambala yaing'ono kwambiri ndi yaikulu kwambiri. Ngati masiku a m'chigawocho ayambira Januwale kulekeza Malichi, funso la Juni limangochidumpha osachiwerenga n'komwe.

Kuyambira 2009, deta yofunidwa pafupipafupi m'makinawa imasungidwa pa flash, yomwe ilibe mbale yozungulira ngati disiki.

Nzeru yosefera deta pafupi ndi disiki sidayambe ndi Oracle. Kampani ya Netezza inkachita kale zimenezi, ndipo IBM idaigula mu 2010 pa mtengo wa madola 1.7 biliyoni.