Microwave pakhomo: momwe imatenthetsera chakudya ndi chisamaliro chomwe imafuna

M'nyumba zambiri za ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, microwave yapeza malo pambali pa filiji ndi ketulo. Ena adaigula m'sitolo, ena adailandira ngati mphatso paukwati, ndipo ena adabweretseredwa ndi achibale a ku Johannesburg. Ntchito yake yaikulu ndi kutenthetsa mkute ndi ndiwo zotsala dzulo. Kabuku ka malangizo kawirikawiri kamatayidwa limodzi ndi katoni, choncho zambiri zomwe anthu amadziwa za makinawa ndi zongomva, ndipo mphekesera yomwe yafala kwambiri ndi yakuti amayambitsa khansa. Palibe umboni wotsimikiza zimenezi. Ngozi zenizeni zili kwina: chakudya chotentha kunja koma chozizira m'kati, mbale zosayenera, litsiro lokhalitsa, komanso magetsi amphamvu omwe amabisala kuseri kwa chitsulo chokuta makinawo.

Chiyambi cha microwave chili pankhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu 1940, John Randall ndi Harry Boot a pa University of Birmingham ku Britain adapanga mtundu wamphamvu wa kachipangizo kotchedwa magnetron, komwe mafunde ake ankathandiza asilikali kuona ndege za adani zikadali kutali. Mu 1945, Percy Spencer, injiniya wa kampani ya Raytheon ku America, adazindikira kuti mafunde omwewo angaphike chakudya. Akuti chokoleti chomwe chidali m'thumba mwake chidasungunuka iye ataima pafupi ndi kachipangizoko. Makina oyamba ogulitsa, otchedwa Radarange, adatuluka mu 1947. Adali aatali pafupifupi mamita 1.8 ndipo ankalemera makilogalamu oposa 300, kotero adali oyenera m'malesitilanti basi. Aang'ono oika patebulo la m'khitchini adayamba kufala mu 1967, kampani ya Amana itawaika pamsika.

Magnetron ndiyo mtima wa makinawa mpaka lero. Imatulutsa mafunde osaoneka omwe amasintha mbali maulendo oposa mabiliyoni awiri pa sekondi imodzi. Mafundewa amanjanja pamakoma achitsulo a m'kati, amadutsa galasi, mbale zadothi ndi pulasitiki, koma akafika pachakudya amagwedeza tizigawo ta madzi omwe ali m'menemo, ndipo kugwedezekako kumabala kutentha. Ambiri amakhulupirira kuti microwave imaphika kuyambira m'kati kupita kunja, koma si choncho. Mafunde amalowa masentimita 2 kapena 3 okha, ndipo pakati pa nthuli yaikulu pamatentha pang'onopang'ono, kutentha kukamayenda kuchokera m'mphepete. Kuonjezera apo, mafunde sagawika mofanana m'bokosimo: pali malo omwe amaunjikana ndi ena omwe safikako kwenikweni. N'chifukwa chake muli mbale yagalasi yozungulira. Pafupifupi malangizo onse a kagwiritsidwe ntchito ka microwave amachokera pa mfundo imeneyi, yakuti imatenthetsa mosiyasiya.

Mafunde a microwave ali m'gulu limodzi ndi a wailesi, a foni za m'manja ndi a Wi-Fi. Amatha kutenthetsa, koma alibe mphamvu yoononga maselo a m'thupi monga momwe cheza cha X-ray chingachitire chikachuluka. Sakhalira m'chakudya, ndipo makina akangozima amatha nthawi yomweyo, monga kuwala kumathera babu likazimitsidwa. Kasefa kachitsulo komwe kamaoneka pagalasi la chitseko ndiko kamawatsekera m'kati: timabowo take ndi tating'ono kwambiri poyerekeza ndi funde limodzi, lomwe ndi lalitali pafupifupi masentimita 12. Ku America, bungwe la Food and Drug Administration lidaika malire a mafunde omwe angatuluke kunja, ndipo malirewo ali pansi kwambiri pa mulingo womwe ungavulaze munthu. Nalo bungwe la World Health Organization limati makinawa ndi osaopsa akagwiritsidwa ntchito motsatira malangizo a opanga.

Chitetezo chonsechi chimadalira chitseko. Kuseri kwa timano ta pulasitiki tokolera chitseko kuli maswitchi omwe amadula magetsi chikangotsegulidwa. Chizolowezi chomenyetsa chitseko, kapena chochikoka makina akuyaka, chimatopetsa maswitchiwa. Microwave yomwe chitseko chake chapindika, chasweka, chikugwedera kapena sichikutsekeka bwino siyenera kuyatsidwa kufikira itakonzedwa.

Chakudya chotentha mbali imodzi

Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timafa chakudya chikatentha mokwanira paliponse, kufika pa madigiri 75 kapena kuposa. Mbale ya nyemba ikhoza kubwata m'mphepete pakati pali pofunda chabe, ndipo m'malo ofundawo ndi momwe tizilombo timapulumukira. Mankhwala ake ndi osavuta, ngakhale anthu apachangu amawalumpha: kuimitsa makina nthawi ikafika pakati n'kutakasa chakudyacho, kuchivindikira mosiya kampata kotulukira nthunzi, ndi kuchisiya mphindi imodzi kapena ziwiri belu litalira. Mphindi zodikirazo si zotayika, popeza ndi pamene kutentha kumamaliza kufalikira. Chakudya chomwazidwa m'mphepete mwa mbale, pakati pali mpata, chimatentha bwino kuposa chounjikidwa ngati chulu.

Nsima ili ndi khalidwe lakelake. Mtanda wathunthu wochokera m'filiji umauma khungu pamwamba pomwe pakati pakadali pozizira. Ukadulidwa zidutswa, n'kuwazidwa timadzi ndi kuvindikiridwa, umafewa n'kuyandikira nsima yongopakulidwa kumene, ngakhale wodya wozindikira sanganamizidwe.

Mpunga ndi womwe umafuna kusamala koposa. Mumpunga wosaphika mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, komwe mbewu zake sizifa pophika. Mpunga wophika ukakhala maola ambiri pamalo ofunda, kachilomboka kamaswana n'kutulutsa poizoni yemwe satha ngakhale mpungawo utenthetsedwe chotani. Choncho mpunga wotsala uyenera kuziziritsidwa ndi kulowa m'filiji msanga, ndipo utenthetsedwe kamodzi kokha. Mfundoyi ndi yofunika m'dziko muno, momwe filiji imatha kukhala yozima tsiku lonse kaamba ka kuthima kwa magetsi. Microwave sikonza chakudya chomwe chaonongeka kale.

Nkhuku kapena nyama youma ndi ayezi ikasungunulidwa mu microwave iyenera kuphikidwa nthawi yomweyo, chifukwa mbali zina zimakhala zayamba kale kufunda. Posungunula, makina amaikidwa pa mphamvu yochepa. M'makina ambiri, mphamvu yochepa imatanthauza kuti magnetron ikuyaka ndi kuzima mosinthana, zomwe zimapatsa kutentha mpata wolowa m'kati kunja kusanapse.

Botolo la mkaka wa mwana wakhanda lisatenthetsedwe m'makinawa. Likhoza kumveka lofunda m'manja pomwe m'kati muli malo otentha moti angawotche kukamwa; kuliviika m'madzi ofunda ndiyo njira yabwino. Phala la mwana nalo litakasidwe ndi kulawidwa asanadyetsedwe. Dzira la m'chikamba chake limaphulika, ndipo dzira lowiritsa kale likhoza kuphulika litatulutsidwa, pamene munthu akulidula kapena kuliluma. Mbatata, maungu ndi soseji zibooledwe ndi foloko zisanalowe kuti nthunzi ipeze potulukira. Madzi nawo ali ndi msampha wake: m'kapu yosalala kwambiri angapose madigiri 100 osabwata, kenako n'kufwamphuka mwadzidzidzi munthu akathiramo shuga kapena kuponyamo supuni. Kusawatenthetsa mopitirira ndi kudikira theka la mphindi kapu isanatulutsidwe kumachepetsa ngoziyi.

Pali ubwino umodzi womwe sutchulidwa kawirikawiri. Ndiwo zamasamba zophikidwa mu microwave ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa, zimasunga vitamini C wambiri kuposa zomwe zabwatitsidwa nthawi yaitali mumphika wodzaza madzi.

Mbale zoyenera ndi zosayenera

Chitsulo chimabweza mafunde, ndipo nsonga zopyapyala monga za foloko kapena pepala la aluminiyamu lokwinyika zimathetheka moto. Mbale zachitsulo zopakidwa utoto wonyezimira, zomwe zakhala m'makhitchini a Amalawi kwa zaka zambiri, zili m'gulu loletsedwa, chimodzimodzinso mbale zadothi zokhala ndi mzere wagolide m'mphepete, zija zimasungidwira alendo. Kachitsulo kokwezera chakudya komwe kamabwera ndi makina okhala ndi chowotchera kagwiritsidwe ntchito monga momwe kabuku kanenera basi.

Galasi lopirira kutentha ndi mbale zadothi zopanda zokongoletsa zachitsulo ndizo zodalirika. Pulasitiki ikhale yokhayo yomwe yalembedwa kuti ndi yoyenera mu microwave. Makontena a majarini ndi a ayisikilimu, timabokosi toyera totengeramo chipisi ndi nkhuku, komanso majumbo sizidapangidwire kutentha: zimapindika, zimasungunuka, ndipo mankhwala ake angalowe m'chakudya, makamaka chamafuta. Mbale za melamine, zomwe zimaoneka ngati zadothi koma ndi zopepuka ndi zovuta kusweka, nazo siziyenera. Nyuzipepala isagwiritsidwe ntchito povindikira chifukwa ikhoza kuyaka. Mbale yokaikitsa ikhoza kuyesedwa: iikidwe yopanda kanthu pambali pa kapu ya madzi, makina ayake mphindi imodzi. Madzi akatentha mbale ili yozizira, ndiye kuti ndi yoyenera. Mbaleyo ikatentha kwambiri, ndi yosayenera.

Magetsi ndi chisamaliro

Ma microwave ambiri a pakhomo amapereka mphamvu ya ma watts 700 mpaka 1,000 kuchakudya, koma pakhoma amakoka yoposa pamenepo, kawirikawiri ma watts 1,100 mpaka 1,500. Makina okoka ma watts 1,200 akayaka mphindi 5 amadya gawo limodzi mwa magawo 10 a yuniti imodzi ya Escom. Potenthetsa mbale imodzi kapena ziwiri, palibe mbaula yamagetsi yomwe ingapikisane nawo. Pophika mphika wa nyemba zouma wa banja lonse phindulo limatha, ndipo ntchito imeneyo ndi ya poto ndi mbaula.

Popeza amakoka magetsi ambiri, ayenera kukhala ndi soketi yawoyawo pakhoma, osati kugawana chingwe chimodzi choonjezera ndi ketulo ndi filiji. Waya wa earth ndi wofunika chifukwa thupi lonse la makina ndi lachitsulo. Ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira. M'malo moikakamiza kapena kulowetsa mawaya osenda m'soketi, pafunika kuikapo pulagi ya mano atatu amakona yokhala ndi fyuzi ya ma amps 13. Magetsi a m'dziko muno ndi a ma volts 230, choncho makina ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Britain amagwira bwino, koma a ku America, a ma volts 120, ndi a ku Japan, a ma volts 100, amapsa akangolumikizidwa. Chikwangwani cha kumbuyo kwa makina chimanena zonsezi ndipo wogula achiwerenge asanalipire. Magetsi akathima, pulagi izulidwe, chifukwa pobwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yosakhazikika yomwe imawotcha tizipangizo ta m'kati. Inverter yaing'ono yoyatsira mababu ndi TV singanyamule microwave.

M'mbali ndi kumbuyo kwa makina muli timabowo totulutsira mpweya wotentha. Kuwakanikiza kukhoma, kuwafunditsa kansalu kokongoletsa kapena kusanjika mabuledi ndi mapepala pamwamba kumachititsa magnetron kutentha mopitirira ndi kufa msanga. Kuyatsa makina opanda kanthu m'kati kumaononganso, popeza mafunde osowa chowayamwa amabwerera komwe achokera.

Litsiro la mu microwave si nkhani ya maonekedwe okha. Madontho a msuzi ndi mafuta otsalira pamakoma amapitiriza kupsa nthawi iliyonse makina akayaka mpaka kusanduka makala, ndipo makalawo amathetheka. Malo oopsa kwambiri ndi kachikwangwani kotuwa, kooneka ngati katoni, komwe kamakhala pakhoma la m'kati, kawirikawiri kudzanja lamanja. Kamapangidwa ndi mwala wotchedwa mica ndipo kamaphimba njira yomwe mafunde amalowera. Ena amakachotsa poganiza kuti ndi chotsalira cha m'katoni, komwe ndi kulakwitsa kwakukulu. Kakada ndi mafuta kapena kubooka, makina amayamba kuthetheka, koma kusintha kameneka ndi ntchito yotsika mtengo.

Kutsuka sikufuna mankhwala apadera. Bakuli la madzi othira mandimu kapena viniga litenthetsedwe mphindi 3 mpaka 5, lisiyidwe momwemo kwa kanthawi chitseko chili chotseka, ndipo nthunzi imafewetsa zonse zomatirira. Pulagi itazulidwa, m'kati mupukutidwe ndi kansalu kofewa, osaiwala kudenga ndi m'mphepete mwa chitseko. Njira yomweyi imachotsa fungo la usipa, lomwe likapanda kutero limakalowa mpaka mu tiyi wa mawa lake. Waya wokwechera mapoto, mchenga ndi phulusa zimakanda utoto, ndipo pokandikapo ndi pomwe dzimbiri limayambira, makamaka pansi pa kamkombero ka timatayala komwe mbale yagalasi imayendapo. Pamenepo pafunika kuumitsa bwino, ndipo kusiya chitseko chotsegula kwa mphindi zingapo mukatha kuphika kumatulutsa chinyezi. Nyenyeswa zimaitananso mphemvu, zomwe zimakonda kufunda kwa m'makinawa ndipo zimaononga mawaya ndi mabatani.

Chakudya chikayaka m'kati, chitseko chisatsegulidwe. Makina azimitsidwe pakhoma ndipo moto umazima wokha posowa mpweya.

Pali malire a zomwe mwini makina angakonze yekha. Kusintha mbale yagalasi, kamkombero kake, fyuzi ya m'pulagi kapena kachikwangwani ka mica ndi zotheka pakhomo. Kumasula chitsulo chakunja ndi nkhani ina. M'katimo muli thiransifoma yomwe imakweza magetsi kufika pa ma volts pafupifupi 2,000, ndi kachipangizo kotchedwa capacitor komwe kangasunge mphamvuyo ngakhale pulagi itazulidwa. Mphamvu imeneyi yaphapo anthu, kuphatikizapo ozolowera kukonza mawailesi ndi mafoni. Makina omwe akuyaka nyale, mbale ikuzungulira koma chakudya osatentha, omwe akulira modabwitsa kapena kununkha mawaya opsa, apite kwa katswiri wodziwa ma microwave. Vuto likakhala fyuzi ya m'kati, diode kapena switchi ya pachitseko, kukonza kumakhala kotsika mtengo. Likakhala magnetron, kapena ngati dzimbiri laboola khoma la m'kati, mwini ayerekeze kaye mtengo wokonzera ndi wa makina atsopano asanauze katswiriyo kuti ayambe ntchito.