Bandulo kapena kusintha kampani: chotchipa nchiti kwa ife a ku Kabwazi?

Funso ili linabadwira kunja. Ku Britain, kuyambira 1999 banja lililonse limasankha lokha kampani yogulako magetsi ndi gasi. Nthambo ndi mapaipi zimakhala zomwezo, chimene chimasintha ndi kampani yotumiza bilu. Makampani ena kumeneko amamanga magetsi, gasi, intaneti ndi foni mtolo umodzi nkunena kuti ukatenga zonse akuchotserako. Ndiye anthu amatsutsana: kutenga mtolo, kapena kumasamukira kwa wotchipa chaka ndi chaka? Mu 2021 mtengo wa gasi utakwera, makampani ang'onoang'ono oposa 20, ambiri mwa iwo otchipa aja, anagwa, ndipo bungwe loyang'anira la Ofgem linachita kusamutsira makasitomala awo kwina.

Kuno nkhani yake ndi ina. Musanawerenge zoti musinthe kampani, yambani mwafunsa ngati ilipo ina yoti nkupitako.

Magetsi ndi madzi: palibe kothawira

Wogulitsa magetsi a nthambo m'nyumba zathu ndi ESCOM basi. Mu Januwale 2017 boma linaigawa, ntchito yopanga magetsi inapita ku EGENCO, koma kugawa ndi kugulitsa kunatsala ku ESCOM. Ngakhale magetsi a dzuwa a 20 MW amene kampani ya JCM Power ikupanga ku Golomoti, m'boma lathu lomwe lino la Dedza, amagulitsidwa ku ESCOM, osati kwa inu. Mtengo wa yuniti amavomereza ndi a MERA. Mugule token pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki, yuniti ndi yomweyo. Chingasiyane ndi kandalama kamene amadula potumiza.

Komanso tisaiwale kuti ambirife nthambozo sizinafike pakhomo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 m'dziko muno ndiwo amaunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho nchochepa kwambiri.

Madzi ndi chimodzimodzi. Pa boma pa Dedza mipopi ndi ya Central Region Water Board. Kumidzi ndi mjigo ndi komiti yake, kusonkha kandalama kokonzera ukawonongeka. Apa palibe bandulo, palibenso kusintha.

Foni: apa ndiye pali masewera

Kusankha kwenikweni kuli pa netiweki. TNM inayamba mu 1995. Inayo inabwera ngati Celtel mu 1999, nkukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Onse awiri amagulitsa mabandulo: ena oyimbira, ena a intaneti, ena a WhatsApp ndi Facebook zokha, ena osakaniza mphindi, ma SMS ndi data. Mayina ngati Chezani, PaNet ndi Pamtsetse mukuwadziwa kale.

Kuti bandulo ndi yotchipa kuposa kudyetsa mayunitsi osagula bandulo, zimenezo nzosachita kufunsa. Aliyense amene anaiwalapo kutseka data bandulo itatha akudziwa mmene mayunitsi amasungunukira. Funso lovuta ndi lakuti bandulo iti.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo mitengo imene mukuiona pa foni yanu lero. Tinene kuti bandulo ya mwezi ya 10 GB ili pa K10,000, pamene ya sabata ya 1 GB ili pa K1,500. Pongoyang'ana, ya mwezi yapambana: GB imodzi K1,000. Koma ngati inuyo pa mwezi mumangomaliza 4 GB, zotsalazo nkupsa tsiku likakwana, ndiye kuti GB iliyonse mwaigula pa K2,500. Mukanagula ya sabata kanayi mukanalipira K6,000. Mnzanu woonera mpira ndi TikTok mpaka usiku, amene amamaliza 10 GB yonse, iyeyo ya mwezi ikumupindulira. Bandulo yomweyo, wina wapindula, wina waluza.

Ya osakaniza ija ndiye imafuna maso kwambiri. Amakuwerengerani ma SMS mazanamazana ngati mphatso, koma ndani masiku ano akulemba ma SMS? Mphindi zambiri zimakhalanso za netiweki yomweyo. Kuyimbira mbali inayo zimakhala zochepa kapena palibiretu. Chotsani zonse zimene simugwiritsa ntchito, chotsalacho ndicho mukulipira.

Nanga kusamukiratu ku netiweki ina? Apa pali mtengo wobisika. Nambala ya 099 ndi ya Airtel, ya 088 ndi ya TNM, ndiye mukasamuka nambala imasinthanso. Vendala amene amakugulani mbatatesi kapena nyemba, achimwene a ku Joni amene amatumiza kangachepe, gulu la banki mkhonde, onsewo akudziwa nambala yakale. Kuyambira 2018 simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye pafunikanso ulendo wokapeza ejenti. Ndipo kuno kumapiri, mtengo wotchipa sutanthauza kanthu ngati netiwekiyo imangogwira mukakwera pachulu. Bandulo ya tsiku limodzi imene theka lake lathera kudikira kuti tsamba litseguke ndi yodula, kaya analemba mtengo wotani.

Nchifukwa chake ambiri anapeza kale njira yawo osachita kuuzidwa: foni ya masimu awiri. Imodzi yolandirira mafoni ndi ndalama, inayo ya data, ndipo kukabwera promosheni mbali ina mumangotembenukira komweko. Kumeneko ndiye kusintha kampani kwa kuno, ndipo kwa ine ndi kumene kumapulumutsa ndalama kwambiri chifukwa simutaya kalikonse. Chongosamala nchakuti musamadyetse masimu onse awiri mabandulo a mwezi.

Sola ya pang'onopang'ono: mtolo umene uli ngongole

Mtolo weniweni wa pakhomo umene wafika m'midzi ndi wa sola. Makampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi VITALITE amagulitsa panelo, batire, mababu ndi potchajira foni pamodzi, mitolo ina ili ndi wailesi kapena TV. Mumapereka dipoziti, kenaka nkumalipira pang'onopang'ono pa foni. Mukalipira mumalandira nambala yotsegulira. Mukasiya, kachipangizoko kamadzitseka.

Ubwino wake ndi wooneka. Simufunika ndalama zambiri tsiku limodzi, katunduyo amakhala ndi waranti, ndipo zipangizozo anazipanga kuti zizigwirizana. Amene anagulapo panelo pa msika, batire kwina, inveta kwinanso, nkupeza kuti batire yafa isanathe miyezi ingapo, akudziwa kuti waranti si nkhani yamasewera.

Koma muitchule dzina lake: ndi ngongole. Funsani ejenti zinthu ziwiri. Mtengo wa kashi ndi zingati? Nanga dipoziti kuphatikiza malipiro onse mpaka kumapeto zikukwana zingati? Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye mtengo wa ngongoleyo. Kenaka yerekezani malipiro a mwezi ndi zimene panopa mukuwononga pa mabatire a tochi, makandulo ndi kutchajitsa foni pa sitolo. Kwa banja la mafoni atatu ndi ana owerenga usiku, mtolo waung'ono wa mababu ndi tchaja ukhoza kudzilipira wokha. Wa TV ndi nkhani ina: TV siichotsa bilu iliyonse imene munali nayo, imabweretsa yatsopano ya dikoda.

Vuto lalikulu kuno ndi kalendala. Ndalama zathu zimabwera tikakolola ndi kugulitsa, pamene kampani imafuna zake mwezi ndi mwezi, Januwale ndi Febuluwale yemwe, nthawi imene feteleza wadya zonse ndipo ufa ukutha. Ngati mgwirizano ukulola, lipiranitu miyezi ingapo ndalama za mbewu zikadali m'manja. Funsaninso chimene chimachitika mukalephera miyezi iwiri: amangotseka, kapena amadzatenga katundu? Ndipo mukalowa simungasinthe kampani pakati, chifukwa zimene mwalipira kale sizikutsatirani kwina. Mu Juni ndi Julayi, nkhungu ikakuta mapiri masiku angapo, kapanelo kakang'ono kamavutika kudzaza batire yoyendetsa TV ndi mababu onse, koma tsikulo mwalipira ndithu.

Za dikoda mwachidule

Pa TV kusankha kulipo, koma kampani iliyonse ili ndi dikoda yake, ndiye kusintha ndi kugula chipangizo china. Kutsika phukusi mpira ukapuma nkosavuta kuposa kusamuka. Kumbukiraninso Ogasiti 2023, pamene MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi MACRA, nkudzabwereranso kumapeto kwa chaka chomwecho. Novembala wa chaka chimenecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo katundu aliyense wogulidwa ndi ndalama zakunja, kuyambira panelo mpaka dikoda, anamva kutentha. Musanasaine pepala la miyezi yambiri, onani ngati malipiro ake ndi okhazikika m'makwacha kapena kampani ili ndi ufulu wowakweza.

Mukaona kuti mwagulitsidwa chosiyana ndi chimene munalonjezedwa, yambani kudandaula ku kampaniyo ndipo musafufute mauthenga a malipiro. Zikakanika, za foni ndi TV zimapita ku MACRA, za magetsi ku MERA, za malonda achinyengo ku Competition and Fair Trading Commission.