Tanthauzo la dzina lakuti loach

Dzina lakuti loach, lomwe linalowa m'Chingerezi kuchokera ku mawu a Chifalansa akuti loche, silitchula nsomba imodzi, koma gulu lalikulu la nsomba za m'madzi opanda mchere, makamaka za ku Asia ndi ku Ulaya, zomwe zimakhala pansi pa mitsinje n'kumafufuza chakudya ndi ndevu zapakamwa monga achitira mlamba. Dzinali limasocheretsa anthu oweta nsomba m'thanki yagalasi m'nyumba, pakuti clown loach ya ku Borneo ndi Sumatra imatha kufika masentimita 30, pamene kuhli loach, yomwe ndi yowonda ndiponso yokonda kubisala mumchenga, imalekezera pa masentimita 10. Dojo loach imafuna madzi ozizirirapo, choncho siyenera kusungidwa pamodzi ndi ziwirizi.